Phiri Silidziwa Kuti Ndinu Bwana

Galimoto, kaya ndi yodula chotani, imathera pa Likhubula. Kuchoka pamenepo, aliyense wofuna kukaona pamwamba pa phiri la Mulanje amadalira miyendo yake. Mkulu wa kampani, mphunzitsi wamkulu, mayi woyang'anira anamwino ndi mnyamata wonyamula katundu, onse amaponda miyala imodzimodzi ndipo dzuwa limawawotcha mofanana. Kulibe mesenjala woti mum'tume akakukwerereni, kulibenso khomo lolowera akuluakulu okha.

Ambiri a ife timaona kukwera phiri ngati masewera a alendo ochokera kunja, kapena a achinyamata osowa chochita. Koma m'mayiko angapo, sukulu zophunzitsa bizinesi ndi utsogoleri zimatenga mamanijala n'kupita nawo kumapiri, ndipo zimawerengera ulendowo ngati gawo la maphunziro. Zinaona kuti munthu amene ali ndi anthu pansi pake amakaphunzira kuphiri zinthu ziwiri zimene ofesi imam'bisira: mmene iyeyo alili, ndi mmene amakhalira ndi anzake zinthu zikathina. Ife phiri tili nalo pakhomo. Nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, ndiyo malo okwera kwambiri m'Malawi muno, ndipo kuchoka ku Blantyre kukafika m'tsinde mwa phirili ndi ulendo wosakwana maola awiri pa galimoto.

Matenda a pampando

Udindo uli ndi matenda ake. Munthu akangokwezedwa, anzake a dzulo amayamba kusankha zomuuza. Akafunsa mmene ntchito ikuyendera, yankho limakhala lakuti, "Zonse zili bwino, bwana." Nthabwala zake zimaseketsa aliyense ngakhale zikhale zosakoma. Akalakwitsa, anthu amakanong'onezana kuseri, iye osamvako kanthu. Pakapita zaka, munthu uja amakhala mlendo kwa iye mwini. Amakhulupirira kuti ndi woleza mtima, pamene antchito amanjenjemera akangomva mgugu wake.

Matenda achiwiri ndi kusowa mpata woganiza. Foni imayamba kulira kusanache, ndipo misonkhano, malipoti ndi madandaulo zimatsatana mpaka usiku. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Tsiku lonse limathera pampando, wa m'galimoto, wa mu ofesi, kenako wa pabalaza. Zotsatira zake zimaoneka tikamayeza anthu: BP yokwera, shuga, kusowa tulo, mimba yotsogola. Mkwiyo umene sunapeze potulukira kuntchito umakatulukira kunyumba, mwakuti ana amatsitsa mawu akangomva galimoto ya bambo kapena ya mayi ikuima pageti.

Mankhwala amene mabungwe ambiri amathamangira ndi maphunziro a m'mahotela a ku Mangochi kapena ku Salima: masiku atatu, mulu wa mapepala, alawansi ndi satifiketi. Maphunzirowa ali ndi malo ake. Koma m'zaka za m'ma 1980, bungwe la ku America lotchedwa Center for Creative Leadership linafunsa akuluakulu a makampani kuti afotokoze zimene zinasintha kwambiri kayendetsedwe kawo ka ntchito. Ambiri anatchula ntchito zovuta zimene anapatsidwa, mavuto amene anadutsamo, ndi anthu amene anakhala nawo pafupi. Za m'kalasi zinali zochepa. Pa kafukufuku ameneyu panabadwa chiyerekezo chotchuka chakuti pa zinthu 10 zimene mtsogoleri amadziwa, 7 amaziphunzira pochita, ziwiri kwa anthu ena, ndipo chimodzi chokha m'kalasi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma mfundo yake mlimi aliyense amaidziwa: kulima saphunzirira pa bolodi.

Maganizo otengera anthu kutchire kuti akaphunzire si atsopano. Mu 1941, mphunzitsi wina dzina lake Kurt Hahn, mothandizana ndi mwini sitima zapamadzi, Lawrence Holt, anatsegula sukulu ya Outward Bound ku Aberdovey m'dziko la Wales, yolimbitsa mitima ya amalinyero achinyamata pa nthawi ya nkhondo. Pambuyo pake makampani anayamba kutumizako antchito awo. Sukulu ya bizinesi ya Wharton ku America nayo yakhala ikutengera ophunzira ake kumapiri, ndipo mphunzitsi wake, Michael Useem, analemba mu 2001 za zimene mamanijala anaphunzira poyenda wapansi m'mapiri a Himalaya. Tiyeni tione mmene maphunziro oterewa amachitikira pa phiri lathuli.

Ola loyamba silinama

Njira imodzi yodziwika yochokera pa Likhubula ndi ya Skyline, yopita ku Chambe. Ndi chikweza chokhachokha cha mamita pafupifupi 1,000, ndipo munthu wamba amachimaliza m'maola atatu kapena anayi. Kawirikawiri amene anazolowera kutsogolera amanyamuka mwaliwiro, ali patsogolo pa aliyense. Ola lisanathe ali wefuwefu, watsamira mtengo, akunamizira kujambula chithunzi. Wolondolera njira, amene wayenda m'menemo kambirimbiri, amangobwera pambuyo ndi kayendedwe kake ka phazi ndi phazi, osatuluka thukuta lambiri. Ku Kilimanjaro, phiri lalitali kwambiri mu Africa, olondolera njira amangobwereza mawu a Chiswahili akuti pole pole, kutanthauza pang'onopang'ono. Kwathu kuno timati kuthamanga si kufika. Liwiro loyenera ndi limene mungathe kuyenda uku mukulankhula chiganizo chathunthu osabanika.

Thupi likatopa, khalidwe limene munthu amabisa limatulukira poyera. Wina amayamba kulusa. Wina amafunafuna womuloza chala: "Anakonza ulendo umenewu ndani?" Wina amabisa kuti nsapato ikumuluma mpaka thuza litaphulika, chifukwa kunena kuti "ndapweteka" kwa iye n'kuchepa. Wina amangoti duu, osayankha aliyense. Mukadziyang'ana bwinobwino, mupeza kuti zimene mukuchita pachikweza ndi zomwezo zimene mumachita kuntchito kumapeto kwa mwezi, ndalama zikachedwa kapena akafika owerengera mabuku. Kusiyana kwake n'kwakuti kuphiri kulibe chitseko choti mudzitsekere, ndipo inu nomwe mumadzimva mawu anu.

Chikwama nacho chimaphunzitsa. Amene walongedza laputopu, mabuku ndi zovala za mlungu wathunthu amadziwa msanga kuti chilichonse chimene wakana kusiya achinyamula yekha. Enanso amakana kwamtuwagalu kupereka chikwama kwa wonyamula katundu, ngakhale mawondo akunjenjemera. Funsani kuntchito kwawo, mukamva kuti ndi omwe aja amafuna kusainira okha chilichonse, ngakhale kapepala kogulira sopo. Munthu akafika povomera kuti, "Achimwene, tandilandirani chikwamachi," waphunzira za kugawira ena ntchito kuposa zimene akanamva m'kalasi tsiku lonse.

Foni ikakhala chete

Pamwamba pa Mulanje netiweki imapezeka apo ndi apo. Maola oyamba dzanja limangopita lokha m'thumba. Kenako munthu amagonja, n'kuyamba kumva zina: mphepo m'udzu, madzi m'miyala, kupuma kwake komwe. Akatswiri a za maganizo, Rachel ndi Stephen Kaplan a ku yunivesite ya Michigan, anafotokoza kuti ubongo umatopa ukamakakamizidwa kutchera khutu ku zinthu zambirimbiri, ndipo umapezanso mphamvu munthu akakhala pakati pa zachilengedwe, zimene zimakopa maso popanda kumukakamiza. Mu 2012, ofufuza ena a ku America anayesa anthu 56 amene ankapita kutchire wapansi popanda foni kapena kompyuta. Amene anayesedwa atatha masiku anayi kutchireko anakhoza mafunso ofuna luntha ndi theka kuposa amene anayesedwa asananyamuke. Gululo linali laling'ono, koma zotsatirazo zikugwirizana ndi zimene oyenda m'mapiri akhala akunena.

Mukayenda maola angapo osalankhula, mafunso amene mwakhala mukuwathawa amakupezani. N'chifukwa chiyani mtsikana wakhama uja anasiya ntchito osatsanzika bwino? Kodi ndinadya liti chakudya chamadzulo pamodzi ndi ana, foni ili kutali? Ndikafa lero, alipo amene akudziwa mmene ntchito yanga imayendera? Mafunsowa sabwera mu ofesi chifukwa asanafike pakati, wina wagogoda kale pachitseko.

Palinso phunziro la masiku amene mwasowa kuntchito. Mukatsika n'kupeza zonse zayenda bwino, mwadziwa kuti anthu anu ndi odalirika kuposa mmene mumawaonera, ndipo mungathe kumawasiyira zambiri. Mukapeza zonse zaima chifukwa palibe amene analimba mtima kupanga chiganizo, musafulumire kunyada kuti ndinu wofunika. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti simunaphunzitse munthu.

Maso nawo amaona zopatsa maganizo. Malingana ndi mbali imene mwaima, mumaona minda ya tiyi itayala ngati mphasa, kapena chigwa cha Phalombe ndi nyanja ya Chilwa chapatali. Nyumba zimene pansi zimaoneka zazikulu zimasanduka timadontho, ndipo mkangano wa mu ofesi umene unakusowetsani tulo umachepa nawo. Koma mumaonanso zitsa. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala. Nkhalango imeneyo sinathe tsiku limodzi. Wodula aliyense ankati mtengo umodzi si kanthu, ndipo ambiri amene ankaona matabwa akutsika ankangoyang'ana kumbali. Woyang'anira aliyense amene waima pakati pa zitsazo ayenera kudzifunsa kuti ndi chiyani chikutha pang'onopang'ono pamalo pake, iye akuona: mafuta a galimoto, mankhwala a m'sitolo, kapena chikhulupiriro cha anthu ake.

Kulamulidwa ndi mnyamata wa m'mudzi

Chinthu chovuta kwambiri kwa bwana kuphiri si chikweza ayi. Ndi kumvera. Wolondolera njira akhoza kukhala mnyamata wa msinkhu wa mwana wanu, amene mwina sukulu anailekezera panjira. Koma iye amadziwa mwala woterera, mtsinje umene umadzaza msanga, ndi mtambo umene ukubweretsa chiperoni, nkhungu yozizira ija imene imatha kuphimba phiri m'kanthawi kochepa mpaka osaona mnzako amene ali patsogolo. Akanena kuti, "Bwana, lero ku Sapitwa sitipita," madigiri anu alibe poyankhira.

Mphamvu za anyamatawa zimaonekera pa mpikisano wa chaka ndi chaka wa Porters Race. Othamanga amanyamuka pa Likhubula, kukwera phiri, kudutsa pamwamba n'kutsikanso, mtunda wopitirira makilomita 20, ndipo opambana amamaliza maola atatu asanakwane. Mlendo ulendo womwewo umamutengera tsiku lathunthu kapena awiri.

Kunyozera nzeru za anthu amenewa kwatayitsapo miyoyo. Mu July 2009, mnyamata wina wa ku Brazil, wophunzira kwambiri za chuma ndiponso woyenda m'mayiko ambiri, anasiyana ndi womulondolera njira n'kupitirira yekha ku Sapitwa. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita pafupifupi milungu itatu. Sanali munthu wopusa kapena wofooka. Anangodalira nzeru zimene zinamuthandiza kwina, pamalo pamene zinali zosakwanira. Safunsa anadya phula.

Malo alionse a ntchito ali ndi olondolera njira ake. Mlonda amadziwa amene amatuluka ndi katundu usiku. Dalaivala amadziwa chifukwa chake galimoto ija sichoka kugalaja. Namwino wa usiku amadziwa zimene odwala amadandaula madokotala akapita. Wogulitsa pakauntala amamva mawu a makasitomala tsiku ndi tsiku. Anthu amenewa amaona chiperoni chikubwera, koma sanena, chifukwa sanafunsidwepo kapena anayesapo kunena n'kukalipiridwa.

Onaninso mmene wolondolera njira wabwino amagwirira ntchito yake, chifukwa pamenepo pali sukulu yaulere. Sakuwa. Akaona wina akufooka amabwerera m'mbuyo n'kuyamba kucheza naye, osamuchititsa manyazi. Ulendo wautali amaudula m'zigawo: "Tikafika pamwala uwo timwa madzi." Pamalo ovuta amayamba iye kudutsa, n'kutembenuka kupereka dzanja. Palibe amene amakuuzani kuti lembani zimenezi, koma maso amaphunzira okha. Ndipo dziwani kuti anzanu a paulendo nawo akukuonani. Mmene mukulankhulira ndi wonyamula chikwama chanu, kaya mwamufunsa dzina, kaya mwaona ngati wadya kapena ali ndi chofunda, kaya mukumunenerera malipiro mpaka kumufinya, zonsezo zikuwauza mtundu wa bwana amene muli.

Gulu lafika wotsalira akafika

Ku ofesi n'zotheka kuyamikira anthu awiri achangu n'kuiwala ena onse. Kuphiri sizitheka. Amene wafika msanga pakanyumba kogona sangagone mtima uli m'malo mnzake akadali m'njira kunja kukuda. Gulu lanzeru limaika woyenda pang'onopang'ono pafupi ndi kutsogolo, amphamvu n'kukhala kumbuyo, ndipo katundu wa wotopa amagawana. Chodabwitsa n'chakuti wotsalira wa lero sakhala wotsalira wa mawa. Amene anavutika pachikweza nthawi zina ndiye amalimba mtima pamatanthwe a ku Sapitwa, kumene munthu amakwawa ndi manja ndi mawondo, pamene kadyam'sonkho wa dzulo miyendo yagwidwa ndi mantha. Manijala amene waona zimenezi amachedwa kugamula kuti wantchito wakutiwakuti ndi wopanda ntchito.

Mbiri ya phiri la Everest, lalitali kwambiri padziko lonse, ili ndi chitsanzo chabwino. Anthu ambiri amadziwa kuti oyamba kufika pansonga yake, pa 29 May 1953, anali Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay. Ochepa amadziwa dzina la mtsogoleri wa ulendowo, John Hunt. Iye pansonga sanafikepo. Ntchito yake inali kukonza ndondomeko, kusankha anthu, ndi kusenza nawo katundu mpaka pamwamba kwambiri kuti amene adzapitirire akapeze zofunika zili kale m'njira. Masiku atatu m'mbuyomo, anthu ena awiri a gulu lomwelo, Tom Bourdillon ndi Charles Evans, anabwerera atatsala mamita pafupifupi 100 kuti afike, ndipo zimene anafotokoza za njirayo zinathandiza anzawo aja. Pansi pa onsewa panali anthu oposa 300 onyamula katundu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mtsogoleri weniweni amakondwa ngakhale pachithunzi cha pansonga iye palibepo.

Ola lobwerera

Phunziro lolemera koposa ndi la kudziwa nthawi yosiya. Pa 10 May 1996, magulu angapo ananyamuka kupita pansonga ya Everest. Awiri mwa maguluwo ankatsogoleredwa ndi akatswiri odziwika, Rob Hall wa ku New Zealand ndi Scott Fischer wa ku America. Lamulo lodziwika linali lakuti amene sanafike pansonga pofika cha m'ma 2 koloko masana abwerere, kuti mdima ndi kutha kwa mpweya wa m'mabotolo zisamupeze ali pamwamba. Koma tsikulo ola linakwana, ambiri anapitirirabe. Ena anafika pansonga cha m'ma 4 koloko. Mphepo yamkuntho inawapeza akutsika, ndipo anthu 8 anafa paphiripo, kuphatikizapo atsogoleri awiri aja. Anthu atatu a m'gulu la Hall amene anaona kuti nthawi yatha n'kubwerera okha nsonga ili pafupi, anapulumuka.

Nkhani imeneyi imaphunzitsidwa m'sukulu za bizinesi. Michael Roberto, amene anaisanthula ali ku Harvard, anatchula zifukwa zimene woyang'anira aliyense angazizindikire. Anthuwo anali atalipira ndalama zambiri, ena mpaka madola 65,000, ndiponso atavutika milungu yambiri, choncho kubwerera kunkaoneka ngati kutaya zonse. Atsogoleriwo anali atapambana kangapo m'mbuyomo mpaka kuyamba kudzidalira mopitirira. Ndipo ena a pansi pawo amene ankaona kuti zinthu sizili bwino sanamasuke kulankhula.

Kodi si zomwezi zimene zimagwetsa mabizinesi ndi mabanja? Golosale ikudya ndalama mwezi ndi mwezi, koma mwini wake akutenganso ngongole ina chifukwa "tathirapo kale zambiri." Minibasi yatha, koma ikugulidwabe zipangizo. Ntchito ya chitukuko yalephera poyera, koma palibe wofuna kukauza bwana. Okwera mapiri anaphunzira kuti malire amaikidwa munthu akadali pansi, mutu uli bwino, chifukwa nsonga ikayamba kuoneka mtima sumvanso zonena. Musananyamuke pakanyumba ka Chisepo kupita ku Sapitwa, gwirizanani ndi wolondolera njira ola lobwerera, ndipo aliyense m'gulu, ngakhale wamng'ono, apatsidwe ufulu wokumbutsa kuti ola lakwana. Amene wabwererapo nsonga akuiona, n'kupeza kuti ulemu wake sunachoke, savutika kwambiri kudzanena mu ofesi kuti, "Anzanga, njira iyi tiisiye." Kumbukiraninso kuti pansonga ndi theka chabe la ulendo. Ambiri amagwa potsika, miyendo itatopa ndipo mtima utatayirira.

Madzulo pamoto

Tinene zoona: phiri palokha silisintha munthu. Alipo amene amakwera, kujambulitsa, kuika zithunzi pa Facebook, n'kutsika ali chimodzimodzi. Katswiri wa zamaphunziro David Kolb analemba mu 1984 kuti zimene munthu wakumana nazo zimasanduka phunziro pokhapokha akaziganizira mofatsa, kutolapo mfundo, n'kukaiyesa pa zochita zake. Kupanda kutero, ulendo umangokhala nkhani yokambira anzathu.

Tinyumba togona ta pa Mulanje, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani, ndi malo abwino ochitira zimenezi. Mulibe wailesi yakanema. Muli moto wa nkhuni, ndipo kunja kukada palibe kopita. Mukatha kudya, aliyense atenge kope ndi cholembera, akhale payekha mphindi 15, ayankhe mafunso ngati awa: Ndi pati lero pamene ndinafuna kusiya, ndipo chinandilimbitsa n'chiyani? Nditatopa, ndinalankhula bwanji ndi anzanga? Ndani anandithandiza, ndipo ndinamuthokoza? Ndi katundu uti amene ndikusenza kuntchito kapena kunyumba amene si wanga? Pambuyo pake, amene akufuna auze anzake chimodzi mwa zimene walemba. Ngati pali wamkulu pagululo, ayambe ndi iye, ndipo akatha kulankhula amvetsere osadziteteza.

Chenjezo kwa amene akuganiza zotengera antchito awo kuphiri: munthu asakakamizidwe. Ena ali ndi matenda amene safuna kuulula, ena ndi oyembekezera, ena amaopa malo okwera. Ulendowo usasanduke mayeso okwezera anthu pantchito, kapena mpikisano woti bwana aonetse mphamvu. Zimene munthu waulula pamoto zitsale pamoto. Anthu akangoona kuti akuyesedwa, abwereranso ku "zonse zili bwino, bwana," ndipo ulendo wonse wapita pachabe.

Musananyamuke

Phiri ndi mankhwala abwino kwa wokonzeka, koma ndi ngozi kwa amene wangodzuka pampando. Nazi zofunika kuzisamala.

Kayezetseni. Ngati mwapitirira zaka 40, kapena muli ndi BP, shuga, mphumu, vuto la mtima kapena la mawondo, yambani mwaonana ndi dokotala. BP yofika 140/90 kapena kuposa imafuna chisamaliro musanaganize za chikweza. Mankhwala anu a masiku onse musawasiye kunyumba.

Zoloweretsani thupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Yambani pamenepo kwa miyezi iwiri, mukuyenda ndawala ndi kukwera masitepe. Kenako yesani mapiri aang'ono a kufupi ndi kwanu: Michiru kapena Soche ku Blantyre, Bunda kapena Nkhoma ku Lilongwe, phiri la Dedza, kapena la Zomba. Zambiri zimene takambazi mungaziphunzire ngakhale pa ulendo wa tsiku limodzi.

Sankhani nyengo. Miyezi yopanda mvula, kuyambira May mpaka October, ndiyo yabwino. M'dzinja miyala imaterera ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi. Mu June ndi July usiku kumazizira kwambiri pamwamba, mpaka madzi kuundana nthawi zina. Pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, choncho tengani juzi, jekete la mvula, chipewa ndi chofunda ngakhale pansi kukutentha.

Musapite opanda wolondolera njira wodziwika, ndipo lembetsani ku ofesi ya zankhalango musanakwere. Gwirizanani za malipiro ndi kulemera kwa katundu musananyamuke. Ulendo wa ku Sapitwa umafuna masiku atatu kuti muyende mosathamanga. Mukanyamuka pa Sande m'mawa, Lachiwiri madzulo mwatsika, Sabata likadali kutali.

Samalani za m'mimba ndi za kumapazi. Imwani madzi pafupipafupi musanamve ludzu. Mtedza, nthochi, mbatata yophika ndi chigumu zimapatsa mphamvu yokhalitsa kuposa zakumwa zotsekemera. Nsapato zikhale zoti mwaziyendera kale, osati zatsopano. Tochi isaiwalike.

Mverani thupi. Kupitirira mamita 2,500 mpweya umapepuka, ndipo ena amamva mutu, nseru kapena chizungulire. Zikatero imani, ndipo zikapitirira tsikani. Kupweteka pachifuwa, kubanika mutakhala pansi, kapena kusokonezeka maganizo ndi zizindikiro zoti ulendo wathera pomwepo ndipo munthuyo akufunika chipatala. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Zinyalala zanu mutsike nazo, ndipo moto muusamale. Moto wolusa ndi umodzi mwa adani aakulu a mitengo imene ikubzalidwanso paphiripo.

Mukatsika

Kuwawa kwa ntchafu kumatha pakapita masiku atatu kapena anayi, ndipo maphunziro nawo amatha kuzimiririka msanga chomwecho mulu wa makalata ukakulandirani. Choncho musalonjeze kusintha zinthu khumi. Tsegulani kope lija, musankhe chimodzi. Mwina ndi kupereka kwa wachiwiri wanu ntchito ina imene mwaikakamira zaka zambiri, osamuima pamsana. Mwina ndi kulemba lero malire a ndalama zimene mungathirenso mu bizinesi ija, n'kupereka pepalalo kwa akunyumba kwanu kuti adzakukumbutseni. Mwina ndi kuima pageti mawa m'mawa, kupereka moni kwa mlonda pomutchula dzina, n'kumufunsa kuti, "Achimwene, mukuona kwanu, n'chiyani chimene sichikuyenda bwino pano?" Ulendo woyamba adzayankha kuti zonse zili bwino. Musachoke msanga. Dikirani pang'ono, mufunsenso.

Kunyumba nakonso kuli gulu limene mukulitsogolera, ndipo lili ndi otsalira ake: mwana amene masamu akumuvuta, gogo amene akuyenda ndi ndodo, mnzanu wa m'banja amene wasenza katundu wa pakhomo yekha kwa nthawi yaitali. Tsiku lina lopuma atengeni mupite nawo pa kaphiri ka kufupi. Foni muisiye m'chikwama, wamng'ono koposa mumuike patsogolo, ndipo inu muyende kumbuyo.